Wochotsa Ufiti wa ku Kapuyanga

Ufumu wa Chiombammanja unali ndi zinthu ziwiri zochuluka kuposa udzudzu: nduna ndi anthu a madigiri. Nduna zinkakhala m'maofesi ozizira mumzinda wa Tikambabe. A madigiri ankakhala pansi pa mitengo ya bulugama kunja kwa Ofesi ya Ntchito, pamalo otchedwa Tidikire, aliyense atafukata envulopu yake yakhaki ngati mwana wodwala malungo.

Zakeyu Chimtolo anakhala pa Tidikire zaka zisanu ndi chimodzi. Ku yunivesite yachifumu anaphunzira mbiri yakale, ndipo ankatha kutchula mafumu onse a Chiombammanja limodzi ndi matenda amene anawapha, koma panalibe bwana wofuna kumva zimenezo. Anaonda moti akakwera kabaza, wopalasa ankacheukacheuka kuona ngati munthu wake wagwa.

Kenaka kampani ya Ludzulatha inalengeza kuti ikufuna wa digiri mmodzi wokakhala kazembe wa chakumwa kunja. Ludzulatha inkathira thobwa m'mabotolo. Mwini wake anali mlamu wa Mfumu Salakwa Wachinayi, amenenso, mwamwayi chabe, anali Nduna ya Zakumwa ndi Zotumiza Kunja. Ofunsira ntchito anafika zikwi zinayi. Mayeso anali amodzi okha: kumwa botolo n'kumwetulira. Ambiri anamwetulira ngati akujambulitsa chithunzi cha pa chiphaso. Zakeyu anali asanalawe kanthu chiyambire dzulo lake. Anapapira mabotolo anayi, nkhope n'kuwala yokha, ndipo ntchito inakhala yake.

Kalata ya ntchitoyo inali yaifupi. Apite ku dziko la Kapuyanga miyezi itatu yoyeserera. Akapeza anthu akumeneko omwa thobwa, ntchito ikhazikika. Akalephera, abwerere ku Tidikire akayambire kumapeto kwa mzere. Zakeyu ankadziwa kumene mzerewo unathera masiku amenewo: kutsidya kwa mlatho, kuseri kwa ndende.

Asananyamuke anamuitanira kubwalo lachifumu, pakuti ku Chiombammanja ngakhale nkhuku siinkadutsa malire popanda msonkhano. Tsiku loyamba nduna zinakambirana mtundu wa malaya amene akavale, n'kugwirizana zachikasu. Tsiku lachiwiri zinakangana za amene amuperekeze kubwalo la ndege, n'kugwirizana kuti zipite zonse. Tsiku lachitatu, Zakeyu akuganiza kuti zatha, Nduna ya Miyambo inaimirira, inakonza tayi, n'kufunsa kuti alendowo akadziwa bwanji kuti m'thobwalo mulibe choipa.

Zoona, kwa anthu oleredwa bwino munthu sapereka chakumwa asanachotse ufiti. Umayamba wamwako iwe mwini, m'chikho chomwecho, mnzakoyo akuona, ndiye n'kumupatsa. Nduna zinayang'anana ndi mantha poona kuti zikanachititsa manyazi ufumu wonse pamaso pa dziko lapansi. Amfumu, amene anali atatsinzina kuyambira m'mawa poganizira za anthu awo, anatsegula diso limodzi n'kulamula kuti zilembedwe.

Lamulo linatuluka ndi ndime ziwiri. Yoyamba inati kapu iliyonse yopita kwa mlendo, kazembe ayambe waichotsa ufiti ndi pakamwa pake. Yachiwiri inati thobwa la Ludzulatha ndi thukuta la Amfumu, choncho silitayidwa. Lokanidwa alimalize woperekayo. Ndipo pofuna kuti mwambo usaphwanyidwe kumene maso a bwalo safika, anasankha woyang'anira wopita naye limodzi. Anali a Mlongoti, mkulu amene anagwirira ambulera bambo awo a Amfumu kwa zaka makumi atatu, ndipo dzanja lawo lamanja linali lisanatsikebe bwinobwino.

Ku Kapuyanga kunali kuzizira koti makutu umachita kuwagwira kuti udziwe kuti alipo. Zakeyu anapatsidwa thebulo mumsika wofolera, pakati pa wogulitsa tchizi ndi wogulitsa makandulo. Ukazembe wake wonse unali umenewo: thebulo, malaya achikasu, makapu apepala ndi makireti a thobwa. A Mlongoti anakhala pampando pambali pake atafunda bulangeti mpaka m'khosi.

Woyamba kuima anali bambo wina wamtali, wa chipewa chaubweya. Zakeyu anamulonjera m'chinenero chawo chimene analoweza m'ndege, nathira thobwa m'kapu. Bamboyo anatambasula dzanja. A Mlongoti anatsokomola. Zakeyu anakumbukira, namwako pang'ono, napukuta mlomo ndi kuseri kwa dzanja, napereka kapu ija ndi manja awiri. Bamboyo anayang'ana kapu, anayang'ana mlomo wa Zakeyu, anabweza dzanja lake n'kuliika m'thumba ngati pali wofuna kulilanda, n'kumapita chambuyo mpaka anagunda makandulo.

Zakeyu anamaliza kapu ija. Pofika madzulo anali atamaliza makapu makumi asanu ndi limodzi.

Sabata isanathe anamvetsa vuto. Ku Kapuyanga munthu aliyense ali ndi kapu yake yolembedwa dzina, kuyambira tsiku lobadwa. Mwamuna ndi mkazi amagona bedi limodzi, amabereka ana, koma makapu awo amakhala m'makabati osiyana. Wogulitsa tchizi uja anamuuza kuti anasiyana ndi mkazi wake woyamba chifukwa cha tiyi, ndipo khoti linamumvetsa.

Zakeyu anapempha a Mlongoti kuti azithira makapu awiri kuchokera m'botolo limodzi, iye amwe yake, mlendo amwe yake. A Mlongoti anamuyang'ana ngati wapempha kukwatira azakhali ake.

"Mwana wanga, sukulu yonse ija osadziwa izi? Woipa saika mankhwala m'botolo. Amaika m'chikho. Ukamwera chikho china, wachotsa ufiti wa ndani?"

Zakeyu anati anthu a kuno saopa ufiti, amaopa malovu. A Mlongoti anati nchifukwa chake dzikoli lili ndi nyengo yotere.

Moyang'anana ndi thebulo lija tsiku lililonse pankakhala mayi wina wa chovala choyera, atanyamula buku. Ankafika nthawi yomwe Zakeyu ankafika, ankachoka nthawi yomwe iye ankachoka, ndipo Zakeyu akakweza kapu, mayiyo ankakweza maso. Zakeyu anayamba kupesa tsitsi mosamala, poganiza kuti mwina ndi kasitomala wamanyazi, kapena zina zoposa pamenepo. Sabata yachitatu analimba mtima n'kumupititsira kapu yochotsedwa kale ufiti.

Mayiyo anakana mwaulemu. Anati dzina lake ndi Inga, wa ku ofesi ya zaumoyo. Anafotokoza modekha kuti lamulo la ku Kapuyanga sililola milomo iwiri pa kapu imodzi. Munthu kumwa yekha makapu zana si mlandu, ndi khalidwe chabe. Koma tsiku limene munthu wachiwiri adzamwere kapu imene Zakeyu wamwera, thebulo lidzatsekedwa, ndipo onse awiri adzatengeredwa kuchipatala kukasungidwa kwaokha masiku khumi ndi anayi. Anati akudikira tsikulo, ndipo pakali pano wamaliza mabuku asanu.

Zakeyu anabwerera pathebulo. Popanda womwa, Tidikire. Womwa akapezeka, thebulo latsekedwa, ndiye Tidikire yemweyo, kungoti wodzera kuchipatala. Anauza a Mlongoti. Iwo anati lamulo la eni dziko ndi la eni dziko, mwambo ulibe malire, ndipo anapempha kuti awakokere bulangeti kumapazi.

Choncho Zakeyu analembera bwalo lachifumu kalata ya masamba anayi, yaulemu, yoyamba ndi mbiri ya mafumu. Bwalo linakhazikitsa komiti. Komiti inapita kukagona ku hotela masiku asanu kuti ikaganize popanda chosokoneza, ndipo inapeza kuti alendowo akukana chifukwa sakukhutira ndi kachotsedwe ka ufiti. Kamnyamatako kakungonyambita. Lamulo linakonzedwa: kuyambira tsopano kazembe azimwa theka la kapu, atagwada.

Anthu a ku Kapuyanga anayamba kubwera ambiri. Osati kudzamwa. Ankaima mozungulira, manja ali m'matumba, kuonerera munthu wa malaya achikasu akugwada, kumwa theka, kupereka, kukanidwa, kuthokoza, n'kumwa theka linalo. Ena ankabwera ndi ana awo. Ena ankatambasula dzanja dala kuti aone mwambo wonse kuyambira pachiyambi. Wogulitsa makandulo anati malonda ake sanayendepo chonchi, ndipo anapatsa Zakeyu khushoni yogwadira.

Thobwa si madzi. Ndi chimera, ufa ndi shuga. Mwezi woyamba masaya a Zakeyu anabwerera kumene anachoka ali folomu 2. Mwezi wachiwiri khosi linasowa. Malaya achikasu anasinthidwa kawiri, ndipo kugwada kunasanduka ntchito ya magawo atatu, kudzuka ya magawo asanu.

Tsono Ludzulatha inali kampani yosamala, mabotolo opanda kanthu ankabwerera kwawo pa sitima kuti akathiridwenso. Sitima yoyamba itafika, Nduna ya Zakumwa inapita kudoko ndi atolankhani, inaona makireti opanda dontho, n'kugwetsa misozi. Wailesi yachifumu inalengeza kuti anthu a ku Kapuyanga asiya tiyi. Sitima yachiwiri itafika, wailesi inati asiyanso madzi. Nduna inalamula kuti makireti opita kunja achuluke, ndipo Amfumu anaika mwala wa maziko a fakitale yachiwiri, yotchedwa dzina lawo.

Zonsezi Zakeyu anazimva kwa mlongo wake Elube, wogulitsa tomato mumsika waukulu wa Tikambabe, amene ankamuimbira foni Lamlungu masana. Elube anati thobwa lasowa mumzinda monse chifukwa mawere onse agulidwa ndi Ludzulatha. Pa chinkhoswe cha mwana wa aneba anthu anamwa madzi otentha a shuga, n'kumauzana kuti akuthandiza chitukuko. Amayi ogulitsa nyemba akuti azungu a ku Kapuyanga ayenera kuti ali ndi mimba ngati migolo, ndipo wogulitsa makala akuti ngati thobwa lokha lawapengetsa chonchi, asadzawaonetse chigumu, angatilande dziko.

"Koma achimwene, mawu anu akumveka ngati akuchokera m'mtsuko," anatero Elube. "Mukudya bwino kumeneko?"

Zakeyu anati akudya mokwanira. Anafuna kumuuza zoona, koma anakumbukira kuti Elube akadziwa kanthu m'mawa, msika wonse umadziwa tomato asanathe. Elube anawonjezera kuti wailesi yanena kuti Amfumu abwera okha kudzaona anthu akumwa ndi maso awo, pa tsiku lotsiriza la miyezi itatu ija. Anapempha kuti akadzaonekera pa kanema adzakweze dzanja kuti anzake amsika akhulupirire kuti ndi mlongo wake.

Amfumu anafika ndi ndege ziwiri, ina ya iwo, ina ya oomba m'manja. Analowa mumsika wofolera nthawi ya chakudya chamasana, nduna makumi atatu zili pambuyo, ojambula a kanema wachifumu ali patsogolo akuyenda chambuyo. Anthu a ku Kapuyanga anali atadzaza monga mwa masiku onse, ndipo Nduna ya Zakumwa inawaloza ndi manja onse awiri, kuti Amfumu aone okha ludzu lili pankhope zawo. Amfumu anadutsa Zakeyu osamuzindikira, n'kumupatsa moni wa nduna. Atauzidwa kuti ndi kamnyamata kaja, anati zikuoneka kuti kunja kumayanja anthu.

Kenaka anakhala pampando umene anabwera nawo, nalamula kuti kumwa kuyambe.

Zakeyu anathira. Anagwada, magawo atatu. Anamwa theka. Anapereka kwa mayi wina wa kutsogolo, amene anapukusa mutu mwansangala monga ankachitira Lachiwiri lililonse. Anapereka kwa wachiwiri, kwa wachitatu. Manja onse anali m'matumba. Kanema ankajambula, ndipo ku Tikambabe anthu anali ataunjikana m'mashopu kuonerera. Zakeyu ankamva thukuta likutsika kumene kale kunali khosi. Amfumu anafunsa, osakweza mawu, kuti anthuwa akudikira chiyani.

Nduna ya Zakumwa inayang'ana kudenga. Nduna ya Miyambo inayang'ana nsapato. Amene anayankha anali a Mlongoti, omwe m'miyezi itatu anali atazolowera madzi otentha otuluka pampopi ndipo sankafuna kusiyana nawo. Anavula bulangeti, anagwada, n'kunena kuti anthu a kuno ndi aulemu woopsa. Masiku onse amalimbirana, ena mpaka kukomoka, koma lero aona Mwinidziko ali pakati pawo. Ndani angayambe kumwa Mwinidziko asanamwe?

Nduna zonse zinaomba m'manja. Amfumu anamwetulira, koma kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene wauzidwa kuti jakisoni sapweteka. Chinsinsi chimene bwalo lonse linkadziwa n'chakuti Amfumu anali asanalawepo Ludzulatha chibadwire. Ankamwa vinyo wakunja, pofuna kusiyira anthu awo zabwino za m'dziko. Koma kanema anali pamphuno pawo. Anatambasula dzanja.

Zakeyu anayang'ana kutsidya. Mayi Inga anali ataika chala pakati pa buku. Zakeyu akanatha kunena kuti Mwinidziko musamwe, koma funso lotsatira likanakhala lakuti chifukwa chiyani, ndipo yankho lake linali mzere wa kuseri kwa ndende. Akanatha kupereka kapu yatsopano, koma a Mlongoti ndi nduna makumi atatu anali mboni, ndipo kupatsa Amfumu chikho chosachotsa ufiti ndi mlandu umene mbiri yakale inamuphunzitsa mathero ake. Anathira. Anamwa theka. Anapereka ndi manja awiri, mutu uli pansi.

Amfumu anamwa. Khamu la anthu a ku Kapuyanga linapumira m'mwamba ngati laona munthu akudya sopo. Mayi wina anatseka mwana wake m'maso. Nduna zinamva phokosolo n'kuyamba nthungululu. Mayi Inga anatseka buku, anaimirira, n'kumwetulira koyamba m'miyezi itatu. Anamata pepala lofiira pathebulo, naimba foni.

Ambulansi itafika, Zakeyu ndi amene anamasulira, ndipo anamasulira mosamala. Anati boma la Kapuyanga lakonzera Mwinidziko malo apadera opumulira, kumene munthu wamba saloledwa kulowa. Amfumu anakwera mokondwa. Sailini italira, magalimoto onse n'kupatuka, anauza Zakeyu kuti dziko lino ndi lotukukadi, likudziwa kulandira mfumu. Nduna zinatsala pamsewu zikuombabe m'manja. Madzulo ake wailesi ya kwawo inalengeza kuti anthu a ku Kapuyanga akonda Amfumu moti akana kuwabweza.

Chipinda chinali choyera, cha mabedi awiri ndi zenera limodzi. Tsiku loyamba Amfumu anadikira nduna. Tsiku lachiwiri anadikira vinyo. Tsiku lachitatu m'mawa, atavala chovala cha odwala chomanga kumbuyo, anakhala pabedi miyendo ili lendelende n'kuyang'ana Zakeyu nthawi yaitali. Popanda nduna pafupi, Amfumu ankaganiza bwino ndithu.

"Iwe mnyamata. Chinthu chija ndinamwa chija. Anthu a kuno amamwadi chimenechija?"

Zakeyu anatsika pabedi n'kugwada. Anaganiza zonama, koma mabodza onse abwino anali atatha kale ndi a Mlongoti. Anati ayi, Mwinidziko, palibe wa ku Kapuyanga amene analawapo ngakhale dontho.

Amfumu anafunsa za mabotolo a sitima yoyamba ija. Zakeyu anati anamwa ndi iye. Anafunsa za sitima yachiwiri. Anati ndi iyenso. Anafunsa ngati a Mlongoti ankathandizako. Zakeyu anati a Mlongoti amadwala shuga.

Zakeyu ankaona kale mlatho, ndende, ndi envulopu yakhaki, ndipo ankadzifunsa ngati thupi latsopanoli lingapirire dzuwa la pa Tidikire. Amfumu anayenda kupita pazenera atagwira chovala kumbuyo ndi dzanja limodzi. Anayankhula ngati akudziyankhulira. Anati fakitale yachiwiri yafika kale pamawindo, ndipo dzina lawo lalembedwa pakhoma ndi zilembo zotalika kuposa munthu. Anati m'zaka makumi awiri za ufumu wawo, ichi ndi chinthu choyamba chimene Chiombammanja watumiza kunja osabwezedwa. Anati anayankhula kale pa wailesi katatu za msika wakunja.

Anatembenuka.

"Ndiye kuti msika wakunjawo ndiwe."

Zakeyu anati zikuoneka choncho, Mwinidziko.

"Ukachotsedwa ntchito, malonda a dziko agwa tsiku lomwelo."

Zakeyu anakumbutsa chabe, ndi mawu apansi, kuti thebulo latsekedwa. Amfumu anati thebulo ndi la ogulitsa, msika sufuna thebulo, ungathe kumwera kuchipinda kwake. Pomwepo, atavala chovala cha odwala, analengeza kuti ntchito ya Zakeyu Chimtolo yakhazikika mpaka imfa. Tchuthi palibe. Kudwala n'koletsedwa. Kuonda kudzatengedwa ngati kuukira chuma cha dziko.

Zakeyu anaomba m'manja atagwada, ndipo misozi inatsikadi, pakuti zaka zisanu ndi chimodzi si masewera. Ntchito yokhazikika. Anayamba kuganiza mmene akauzire Elube. Ali mkati mothokoza, Amfumu anawonjezera kuti fakitale yatsopano ikatsegulidwa mu Januwale, msika uyenera kukula kawiri, chifukwa analonjeza kale. Zakeyu anasiya kuomba. Anafunsa mwaulemu ngati n'kotheka kumutumizira wa digiri wina mmodzi, kapena awiri, oti azigawana nawo. Amfumu anamufunsa ngati akufuna kuti dziko lonse lidziwe.

Chitseko chinatseguka. Analowa namwino atavala zotchinga pakamwa, n'kunena kuti panja pafika lole yochokera kudoko, yodzaza makireti, ndipo woyendetsa wapeza thebulo lotseka, ndiye akufunsa kuti atsitsire kuti. Zakeyu anamasulira, mawu akutuluka pang'onopang'ono.

Amfumu anakwera pabedi lawo, anadzifunda bwinobwino, n'kuloza ndi chibwano kumene Zakeyu anagwada.

"Muuze atsitsire kumsika."